Kodi Ana Nga Yani?

Kale pakati pa Acewa mwana anali wa kwa amace. Mwamuna akakwatira ankasiya kwao nakakhala pa cikamwini ku mudzi wa mkazi, nalima munda wa apongozi ace. Ana amene anabala kumeneko anali mbumba ya mlongo wa mkaziyo, ndiye malume. Malume ndiye ankaweruza milandu yao, naimira maukwati ao monga nkhoswe, nawasiyira dzina ndi cuma. Ukwati ukatha, tate ankanyamula nkhwangwa ndi mphasa yace nabwerera kwao yekha. Ufumu nao utsata njira yomweyi, pakuti wolowa dzina la Kalonga Gawa Undi acokera ku mbumba ya Nyangu, mai wa ufumuwo. Ndico cace akulu anati, "Mako ndi mako, angacepe mwendo."

Angoni, amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anadza ndi mwambo wina. Kwa iwo ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, ana ankakhala a kwa tate. Koma cimene cinasinthitsa zinthu kopambana ndi migodi. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, ndipo amuna ambiri a Kum'mawa anapita ku Migodi, ena pamodzi ndi akazi ao. M'komboni nyumba inkaperekedwa kwa mwamuna wogwira nchito, phoso ankalandira ndiye, ndiponso ndalama za sukulu zinkacokera m'thumba mwace. Malume anatsala kutali ku Katete.

Bvuto linkaoneka pa maliro. Tate akafa, abale ace ankafika natenga njinga, mabulangete ndi makina osokera, nati mwambo ukutero, ndipo mkazi ndi ana ankatsala manja lende. Mu 1989 boma la Zambia linaika lamulo lakuti munthu akafa wosalemba za cuma cace, ana alandire magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20, ndipo ena amene iye ankawasunga 10.

Motero mai anaulandira ulemu wace pa tsiku lobala, koma tate wa m'tauni anaupeza ndi thukuta, poleradi ana. Lamulo likhoza kupatsa ana cuma ca atate ao, koma silingathe kubweza ku nyumba mwamuna amene atsiriza malipiro ace ku mowa. Wotereyo, ngakhale nyumba ikhale yace, wadzisandutsa mlendo pakati pa ana ace.