Mfuti Yotayika: Mbiri ya Filimu ya La Haine

Pa 6 Epulo 1993, papolisi ina ya m'chigawo cha 18 cha mzinda wa Paris, mnyamata wa zaka 17, Makomé M'Bowolé, adafa atawomberedwa m'mutu. Mnyamatayu, amene kwawo kunali ku Zaire, adagwidwa pomuganizira kuti waba ndudu za fodya. Wapolisi amene ankamufunsa mafunso adamuloza mfuti pofuna kumuwopseza, ndipo mfutiyo idalira. Pambuyo pake wapolisiyo adanena kuti inali ngozi chabe.

Mbiri ya imfayi idamupeza Mathieu Kassovitz, wokonza mafilimu amene pa nthawiyo anali ndi zaka 25. Iye adayamba kulemba filimu imene adaitcha La Haine, kutanthauza kuti chidani. Funso limene linkamusowetsa mtendere linali lakuti: zimatheka bwanji kuti mwana wadzuka wamoyo m'mawa, nkukafera m'manja mwa anthu olembedwa ntchito yoteteza moyo?

Funsoli silinali lachilendo ku France. Usiku wa pa 5 Disembala 1986, ophunzira akuchita ziwonetsero zokana lamulo latsopano la mayunivesite, apolisi oyenda pa njinga zamoto adathamangitsa Malik Oussekine, wophunzira wa zaka 22 wa makolo ochokera ku Algeria, nammenya ndi zibonga pakhomo la nyumba ina mpaka adafa. Nduna imene idabweretsa lamulolo, Alain Devaquet, idatula pansi udindo, ndipo gulu la apolisi a njingalo lidathetsedwa. Koma pamene mlandu udazengedwa m'chaka cha 1990, apolisi awiri amene adapezeka olakwa adapatsidwa chilango chongoimika, osakalowa m'ndende. Achinyamata a m'madera osauka ozungulira Paris adasunga nkhaniyi mumtima.

Kassovitz adakajambula filimu yake m'dera lotero, ku Chanteloup-les-Vignes, m'midadada ya nyumba zosanja mokhala mabanja ambiri a anthu obwera. Zithunzi zake nzakuda ndi zoyera basi. Nkhani yonse ikuchitika m'tsiku limodzi ndi usiku wake, ndipo ikutsata abwenzi atatu: Vinz, Myuda, Saïd, Mwarabu, ndi Hubert, mnyamata wakuda wosewera nkhonya. Mnzawo Abdel ali chikomokere m'chipatala atamenyedwa ndi apolisi, ndipo dera lonse lagona pa zipolowe.

M'chipwirikiti cha zipolowezo wapolisi wina wataya mfuti yake, ndipo amene waitola ndi Vinz. Iye akulumbira kuti Abdel akangotsirizika, nayenso apha wapolisi mmodzi kuti zifanane. Hubert akumuletsa, pomuuza kuti imfa ya wapolisi mmodzi sidzadzutsa Abdel ndipo sidzathetsa nkhanza. Apa mpamene pagona luntha la filimuyi. Mfuti ija ndi ya boma. Idaperekedwa kwa wapolisi kuti ikhale pansi pa lamulo. Lamulo likalephera kufunsa mwini wake za mmene waigwiritsira ntchito, mfutiyo imakathera m'manja mwa mwana wokwiya, amene amadziyesa woweruza.

Abdel akumwaliradi, koma Vinz akuzindikira kuti kupha munthu sangathe, ndipo kutacha akupereka mfuti ija kwa Hubert. Posakhalitsa, wapolisi wosavala yunifolomu akumugwira Vinz nayamba kumuseweretsa pomuloza mfuti kumutu. Mfutiyo ikulira mwangozi, monga momwe zidanenedwera pa imfa ya Makomé. Hubert ndi wapolisiyo akulozana mfuti, chithunzi chikuda, ndipo kukumveka kulira kwa mfuti kamodzi. Owonera sauzidwa kuti wagwa ndani.

Filimuyi idawonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes m'mwezi wa Meyi 1995, ndipo Kassovitz adalandira mphotho ya wotsogolera filimu wopambana. Anthu pafupifupi 2 miliyoni adakaiwonera ku France. Apolisi ambiri adaipidwa nayo, ponena kuti ikuwanyoza, ngakhale kuti m'filimumo mulinso apolisi ena aulemu, ofuna mtendere. Nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, Alain Juppé, idakonza zoti nduna zinzake ziiwonere. M'chaka cha 1996 idalandira mphotho ya César ya filimu yopambana, ndipo m'chaka chomwecho wapolisi amene adawombera Makomé adalamulidwa kukakhala kundende zaka 8. Bwalo silidagamule kuti adapha mwadala.

Akuluakulu adati mlandu suwola, koma mlandu wochedwa umawoletsa chikhulupiriro cha anthu. Pa 27 Okutobala 2005, ku Clichy-sous-Bois, anyamata awiri, Zyed Benna ndi Bouna Traoré, adafa atagwidwa ndi magetsi pamalo pamene adabisala pothawa apolisi. Zipolowe zidabuka m'dziko lonse kwa milungu itatu. Apolisi awiri adaimbidwa mlandu wosathandiza anthu amene anali pangozi, ndipo chigamulo chidadza m'chaka cha 2015, patapita zaka pafupifupi 10: adapezeka osalakwa.

Mu Juni 2023, ku Nanterre, wapolisi adawombera Nahel Merzouk, wa zaka 17 ngati Makomé, ali m'galimoto. Poyamba zidamveka kuti mnyamatayo ankafuna kugunda apolisi, koma kanema wojambulidwa pafoni adasonyeza zosiyana, ndipo wapolisiyo adamangidwa. Ntchito imene Kassovitz adaigwira ndi ochita sewero, tsopano idagwiridwa ndi munthu wamba wongodutsa.

La Haine ikuwoneredwabe lero, ndipo funso lake silinakalambe. Dziko limene limapatsa munthu mfuti liyeneranso kukhala ndi bwalo lomufunsa msanga, poyera, pamene mfutiyo yalira.