Mbaula ya gasi yotchipa ikavuta: gwero la mavuto ndi kakonzedwe kake

Kukwera mtengo kwa makala, kuthimathima kwa magetsi komanso lamulo la nkhalango lomwe linakhwimitsidwa mu 2020 zachititsa mabanja ambiri m'dziko muno kuyamba kuphikira ndi kuwotchera nyama pa gasi. Mbaulazi sizikuthera m'mizinda mokha. Anthu a m'tauni amagulira makolo awo kumudzi, ndipo aphunzitsi ndi anamwino amapita nazo kumadera komwe atumizidwa, monga ku Guilleme m'boma la Mchinji, malo a mishoni omwe anatenga dzina la Bishopu Mathurin Guillemé.

Zambiri mwa mbaula zimenezi ndi zotchipa, ndipo sizichedwa kuvuta. Kuchoka ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji pa msewu wa M12 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, choncho mwini mbaula wa ku Guilleme sangakwere minibasi kukafuna mmisiri nthawi iliyonse moto ukachepa. Ayenera kudziwa vuto lomwe angathane nalo yekha ndi lomwe sayenera kulikhudza n'komwe.

Njira imene gasi amadutsa

Gasi wophikira ndi msakanizo wa mitundu iwiri, propane ndi butane. Mu silinda amakhala ngati madzi chifukwa chopanikizidwa, ndipo amasanduka mpweya akamatuluka. Silinda imadzazidwa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse kuti mpweyawo upeze malo, n'chifukwa chake iyenera kukhala choimirira nthawi zonse.

Kuchoka mu silinda, gasi amadutsa pa valavu, n'kulowa mu regulator yomwe imachepetsa mphamvu yake, kenako mu paipi mpaka pa kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano. Akatuluka pa kabowoko amakoka mpweya wa panja, n'kusakanikirana nawo m'kapaipi kachitsulo asanafike pa mutu woyakira moto. Mbaula zing'onozing'ono zomangirira pamwamba penipeni pa silinda zilibe regulator kapena paipi, koma kabowo ndi mutu zili nazo. Pafupifupi vuto lililonse limakhala pa malo amodzi mwa amenewa, ndipo wofufuza amayambira ku silinda kulowera ku moto, osadumpha.

Fungo la gasi

Vuto ili ndilo loyamba chifukwa limapha. Gasi payekha alibe fungo, koma opanga amathiramo mankhwala onunkha ngati kabichi wowola kuti akamatuluka adziwike. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero sauluka ngati utsi, amadikha pansi ndi m'makona a nyumba. Akangofika magawo awiri okha pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, kuthetheka kumodzi n'kokwanira kuyatsa moto.

Fungo likamveka, valavu itsekedwe, zitseko ndi mawindo zitsegulidwe, moto uliwonse uzimitsidwe, ndipo pasapezeke woyatsa kapena kuzimitsa getsi. Pofufuza potulukira, madzi a sopo apakidwe pa valavu, pa regulator, pa paipi yonse ndi molumikizira monse, kenako gasi atsegulidwe pang'ono. Pomwe pakufufuma thovu ndi pomwe pali vuto. Machesi sayesera gasi.

Kawirikawiri cholakwika chimakhala kamphira kozungulira ka pakamwa pa regulator komwe kaphwanyika kapena kagwa, zomangira paipi zomwe zakhwepa, kapena paipi yomwe yang'aluka ndi dzuwa. Ku Mchinji, komwe mtedza, soya ndi chimanga zimasungidwa m'nyumba zikakololedwa, makoswe nawo amatafuna paipi. Paipi yobooka siimangidwa ndi mphira wa njinga kapena tepi, imasinthidwa ndi ina yopangidwira gasi. Paipi yothiririra dimba imafewa ndi gasi ndipo siyoyenera. Thovu likamatuluka pa valavu yeniyeniyo, silinda itulutsidwe panja, kutali ndi moto, ndipo wogulitsa adziwitsidwe.

Mbaula ikakana kuyaka

Choyamba ndi kutsimikiza kuti gasi alimo. Silinda iliyonse imalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ikaikidwa pa sikelo, ngakhale yogulira mbewu, kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kuchuluka kwa gasi wotsala. Njira yomweyi imathandiza kuona ngati wodzaza anaikamodi makilogalamu 6 kapena 9 omwe analipiridwa.

Gasi akamamveka kutuluka koma moto osagwira, vuto lili pa choyatsira. Mbaula zotchipa zimakhala ndi kachitsulo kothetheka pafupi ndi mutu, ndipo kakanyowa, kakamatidwa ndi mafuta kapena kakapindikira kutali, sikathetheka. Kapukutidwe, kaume, ndipo ngati mbaulayo ili ya batire, batire isinthidwe. Choyatsira chikafa mbaula imagwirabe ntchito: machesi ayatsidwe kaye, gasi atsegulidwe pambuyo. Pa mbaula yowotchera nyama ya chivundikiro, chivundikirocho chikhale chotsegula poyatsa. Moto ukakana, gasi atsekedwe ndipo padutse mphindi zisanu asanayesenso.

Moto wochepa mphamvu

Ma regulator ena ali ndi chitetezo chomwe chimachepetsa gasi chikaona kuti akutuluka mothamanga ngati paipi yaduka. Chitetezochi chimagwira molakwika munthu akatsegula silinda mwachangu makiyi a mbaula ali otsegula kale. Kuchibwezera m'malo n'kosavuta: makiyi onse ndi valavu zitsekedwe, regulator ichotsedwe, padutse mphindi imodzi kapena ziwiri, ibwezeretsedwe, ndipo valavu itsegulidwe pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Moto ukakhalabe wochepa, kabowo katsekeka ndi fumbi kapena dzimbiri, zomwe zimachuluka nyengo ya mphepo ya Ogasiti mpaka Okutobala. Kabowoko kamasulidwe, katsukidwe ndi kuuzira. Kukabowola ndi singano kapena msomali kumakakulitsa, ndipo zotsatira zake ndi moto wautali wa mwaye komanso gasi wosachedwa kutha.

M'mamawa wa Juni ndi Julayi, silinda yaing'ono yomwe yatsala pang'ono kutha imatha kuchita thukuta lozizira kunja moto n'kufooka. Propane amasanduka mpweya ngakhale kuzizire kufika madigiri 42 pansi pa ziro, koma butane amalephera kuzizira kukayandikira ziro, ndipo silinda imadziziziritsa yokha gasi akamatuluka wambiri. Mankhwala ake ndi kuchepetsa moto kapena kugwiritsa ntchito silinda yokulirapo. Kuiwotha pa moto, kuithira madzi owira kapena kuigoneka chammbali ndi kuitana ngozi.

Moto wachikasu ndi mwaye

Moto wabwino wa gasi ndi wabuluu ndipo sudetsa mapoto. Ukakhala wachikasu, waulesi ndi wosiya mwaye, ndiye kuti mpweya wa panja sukulowa mokwanira. Akangaude amakonda kumanga ukonde m'kapaipi kosakanizira, ndipo mphemvu ndi mavu omanga ndi dothi amachita chimodzimodzi mbaula ikakhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Mutu uchotsedwe utazizira, kapaipiko kapisidwe kaburashi, ndipo timabowo ta pa mutu totsekeka ndi msuzi, phala kapena mafuta a nyama titsegulidwe. Mbaula zina zili ndi kachitseko ka mpweya pafupi ndi kabowo, komwe kamasunthidwa mpaka moto utasanduka wabuluu.

Kutsekeka komweku kumachititsa moto kubwerera m'kati n'kumalira m'kapaipi kapena kutulukira ku makiyi. Zikatero gasi atsekedwe nthawi yomweyo. Moto wachikasu umatulutsanso mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo, ndipo ndi womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mbaula yowotchera nyama ndi ya panja basi.

Malawi obuka mwadzidzidzi powotcha kanyenya amachokera ku mafuta odontha omwe aunjikana pansi. Chiwaya cholandirira mafuta chitsukidwe kawirikawiri, ndipo mafuta akayaka, gasi atsekedwe, moto uzimitsidwe ndi mchenga, osati madzi.

Zida zosagwirizana

Guilleme ali m'boma la m'malire, ndipo katundu wambiri amalowa kuchokera ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami. Mavalavu a masilinda sali ofanana: ena ndi omangira, ndipo ambiri a masilinda akuluakulu amamangidwa mozungulira kumanzere, pomwe ena regulator yake imangokanikizidwa n'kugwira. Kukakamiza zida zosagwirizana kumawononga mazinga ndi kusiya mpata wotulukira gasi. Kulumikiza mbaula yofuna regulator ku silinda mwachindunji kumabutsa moto woopsa. Wogula mbaula adziwe kaye mtundu wa valavu ya silinda yake, ndiponso ngati malo omwe amadzazitsako amailandira.

Zoyenera kusiyira amisiri

Regulator siimasulidwa kuti ikonzedwe. Ikamalira, ikamatulutsa gasi pa kabowo kake kopumira kapena ikamasinthasintha moto, igulidwe ina. Valavu ya silinda, silinda yophwanyika kapena yodyeka ndi dzimbiri kunsi, komanso mutu wobooka, si ntchito ya wowotcherera zitsulo wa pamsika. Kutsanulira gasi kuchoka mu silinda ina kupita mu inzake kunyumba ndi koopsa kwambiri. Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, MERA, ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa gasi m'dziko muno, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphasocho asanadzazitse.

Yemwe akutumiza mbaula kwa abale ku Guilleme angachite bwino kuikamo timphira tapadera tingapo, zomangira paipi ziwiri ndi paipi yatsopano, ndiponso kuonetsa wolandirayo kayesedwe ka madzi a sopo asanayatse moto woyamba.