Ngozi ndi Matenda pa Ntchito ya Zomangamanga: Zoopsa Zake ndi Zimene Malamulo Akunena

Ntchito ya zomangamanga ndi yomanga, kukonza kapena kugumula nyumba, misewu, milatho, madamu ndi ngalande. Ili m'gulu la ntchito zimene zimapha anthu ambiri padziko lapansi. Mu 2005 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linayerekezera kuti anthu osachepera 60,000 amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamalo omanga, ndiko kuti munthu mmodzi pa mphindi khumi zilizonse. Chiwerengerochi sichiphatikizapo amene amamwalira patapita zaka ndi matenda amene anawatengera kuntchitoko. M'chigawo chathu chino omanga ambiri ndi aganyu amene mayina awo salembedwa paliponse, kotero ngozi zawo zambiri sizifika n'komwe m'mabuku a boma.

Munthu akagwa padenga anthu amati linali tsoka. Koma ngozi za pa ntchitoyi ndi za mitundu yochepa yodziwika bwino, zimabwerezabwereza, ndipo zambiri zimachokera pa zimene zinagamulidwa ntchito isanayambe: ndalama zimene zinaikidwa padera, zipangizo zimene zinagulidwa, ndi masiku amene amisiri anapatsidwa kuti amalize. N'chifukwa chake malamulo amaika udindo waukulu pa wolemba ntchito, osati pa wonyamula njerwa.

Kugwa kuchokera pamwamba

M'maiko ambiri amene amasunga ziwerengero, kugwa ndiko kumapha omanga ambiri kuposa ngozi ina iliyonse. Sipafunika nyumba yosanja kwambiri. Kugwa kuchokera padenga la nyumba wamba, mamita atatu okha, kungathe kuswa mutu kapena kuthyola msana.

Nsanja zoimapo amisiri, zimene ambiri amazitcha sikafodi, m'madera ambiri zimakhomedwa ndi mitengo ya bulugamu ndi matabwa otsala. Vuto si mtengo weniweniwo ayi. Vuto ndi thabwa limodzi lopanda chogwirira m'mbali, miyendo yoikidwa pa njerwa kapena pa dothi lofewa, ndi mulu wa njerwa wosenzetsedwa pamalo amodzi. Nsanja yoyenera imakhala ndi matabwa odzaza bwino, chotchinga m'mbali chofika m'chiuno, ndi kathabwa ka m'munsi koletsa zida kugwera anthu apansi. Iunikidwe ndi munthu wodziwa isanagwiritsidwe ntchito, ndiponso ikasinthidwa kapena pakadutsa mvula ndi mphepo yamkuntho. Makwerero amangiriridwe pamwamba, apitirire malo otsikirapo ndi mita imodzi, ndipo pa mamita anayi alionse okwera, phazi lake litalikire khoma ndi mita imodzi. Madenga akale a asibesitosi ndi malata olowetsa kuwala amaoneka olimba, koma amaphwanyika munthu akangopondapo.

Kugumuka kwa dothi ndi kwa nyumba

Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba limalemera koposa tani imodzi. Munthu wokwiririka mpaka pachifuwa amalephera kupuma ngakhale mutu wake uli kunja. Ngalande za mapaipi, maenje a maziko ndi a zimbudzi zimagumuka mosapereka chizindikiro, makamaka mvula ikagwa, galimoto yolemera ikadutsa pafupi, kapena dothi lokumbidwa likaunjikidwa m'mphepete mwenimweni. Makoma a dzenje lakuya achirikizidwe ndi matabwa kapena asemedwe motsetsereka. Ku South Africa malamulo amafuna kuti dzenje lotere liunikidwe tsiku lililonse anthu asanalowemo, ndiponso mvula ikagwa.

Nyumba imene ikumangidwa nayo ingagwe. Konkire imatenga masiku pafupifupi 28 kuti ifike pa mphamvu imene mainjiniya amawerengera, ndipo kuchotsa msanga mitengo yochirikiza, kuchepetsa simenti kapena kusintha mapulani popanda injiniya kumaika pachiswe aliyense amene ali pansi pake. Pa 6 May 2024 nyumba ya nsanjika zisanu imene inkamangidwa mumzinda wa George ku South Africa inagwa yonse m'kanthawi kochepa, ndipo anthu 34 anamwalira. Ambiri mwa ogwira ntchito pamalopo anali ochokera kunja, ena a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Zotsatira za kafukufuku zimene boma la dzikolo linaulutsa mu 2025 zinasonyeza kuti ngoziyo inali yopeweka: ming'alu inali itaoneka kale, koma ntchito sinaimitsidwe. Mng'alu watsopano pa mzati, silabu yogwedera kapena yopindika pakati ndi zifukwa zokwanira zotulutsira anthu onse mpaka injiniya ataona.

Fumbi: kuvulala kosaoneka tsiku lomwelo

Mchenga, miyala ya kwale, njerwa, konkire ndi matailosi zili ndi silika. Zikadulidwa ndi girayinda, kubooledwa kapena kuphwanyidwa zili zouma, zimatulutsa fumbi losalala kwambiri moti lina silioneka ndi maso. Fumbi limeneli limafika mkati mwenimweni mwa mapapo, ndipo thupi silitha kulichotsa. Pamene lakhazikika pamapangika zipsera zimene zimaumitsa mapapo. Matendawa amatchedwa silikosisi. Kawirikawiri amaonekera patapita zaka khumi kapena kuposerapo, ngakhale kuti fumbi likakhala lochuluka kwambiri amafulumira. Munthu amayamba ndi phuma akamakwera mtunda, kenako chifuwa chosatha ndi kufooka. Palibe mankhwala ochiza silikosisi, ndipo angathe kumakulabe ngakhale munthu atasiya ntchitoyo.

Chimene chikuwapangitsa kukhala oopsa kwambiri m'chigawo chino ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mapapo ovulazidwa ndi silika amagwidwa TB mosavuta, ndipo kwa munthu amene alinso ndi HIV chiopsezocho chimachulukirachulukira. Bungwe la WHO limalangiza kuti anthu amene amagwira kapena anagwirapo ntchito m'fumbi la silika aziyezedwa TB ngakhale asanadwale. Choncho womanga amene akutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku apite kukayezetsa, ndipo afotokozere adokotala ntchito imene wakhala akugwira ndi zaka zake. Akapanda kutero, silikosisi ingathe kusokonezedwa ndi TB yongobwererabwerera.

Njira yothandiza kwambiri ndi yotsika mtengo: madzi. Kuthira madzi pamene mpeni ukudula, ndi kuwaza pansi musanasese, kumachepetsa fumbi kwambiri. Kansalu komanga pamphuno kapena masiki ya kuchipatala sizitchinga fumbi losalalali. Pamafunika masiki yolembedwa FFP2 kapena N95, yogwira bwino nkhope. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kumwa mkaka kumatsuka fumbi m'chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, sufika m'mapapo. Bwana amene amagawa mkaka m'malo mothana ndi fumbi sanateteze munthu aliyense.

Asibesitosi ndi fumbi lina loopsa, lopezeka m'madenga, m'masiling'i ndi m'mapaipi akale. Limayambitsa khansa ya m'mapapo ndi ya kachikopa kokuta mapapo, nthawi zambiri patapita zaka 20 mpaka 40. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, koma nyumba zakale m'chigawo chonse zikadali naye. Asadulidwe, asabooledwe, asaphwanyidwe ali wouma, ndipo zovala zafumbi lake zisapite kunyumba kumene ana ndi ochapa angalipume.

Simenti, magetsi, phokoso ndi kutentha

Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, ndipo poyamba sipamveka ululu. Ikalowa m'jombo kapena kunyowetsa thalauzi pamaondo, munthu angazindikire madzulo kuti ali ndi zilonda zakuya. Ena khungu la m'manja limayamba kuyabwa ndi kung'ambika nthawi iliyonse akaikhudza, ndipo vutoli silitha msanga. Ikalowa m'diso ingachititse khungu.

Magetsi amapha kudzera m'mawaya olumikizidwa mwachisawawa ogona m'madzi, ndi m'zitsulo zazitali, makwerero kapena malata zikakhudza mawaya a pamwamba. Phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu patsiku limagonthetsa makutu osabwereranso. Ngati simungamvane ndi mnzanu amene ali pafupi popanda kukuwa, phokosolo lafika poopsa. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, ndipo kulisenza tsiku lonse kumawononga msana. M'miyezi ya October ndi November, kuchigwa cha Shire, ku Tete ndi kuchigwa cha Luangwa, kutentha kungathe kupha. Wogwira ntchito amene wasokonezeka mutu kapena wakomoka padzuwa aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse, ndipo apite naye kuchipatala mwamsanga.

Chisoti chimabwera pomalizira

Anthu ambiri akamva za chitetezo amaganiza za chisoti, jombo ndi magulovu. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaziika zimenezi kumapeto. Choyamba ndi kuchotsa choopsacho, monga kulumikiza mitengo ya denga pansi m'malo moikhomera m'mwamba. Ngati sizitheka, pakhale chotchinga chimene chimateteza onse nthawi imodzi: zogwirira m'mbali, matabwa ochirikiza dzenje, madzi podula. Kenako pamabwera dongosolo la ntchito ndi maphunziro, m'chiyankhulo chimene ogwira ntchito amamva. Zovala zodzitetezera ndi zofunika, koma zimangogwira zimene zapulumuka pa njira zinazo. Chisoti sichingapulumutse munthu amene wagwa kuchokera pa nsanjika yachitatu, ndipo lamba wodzimangirira alibe phindu ngati palibe polimba pomukoleka.

Zimene malamulo akunena

Pangano la ILO la nambala 167, la mu 1988, ndilo limakamba za chitetezo pa zomangamanga, ndipo limavomereza kuti wogwira ntchito ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene akuona kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, n'kudziwitsa kapitawo nthawi yomweyo. Mu 2022 ILO inaika malo otetezeka a ntchito m'gulu la maufulu oyambirira a wogwira ntchito aliyense.

Ku Malawi lamulo lalikulu ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Limapereka kwa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka, limafuna kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe popanda kulipiritsa wantchito, ndiponso kuti ngozi zazikulu zinenedwe ku boma. Za chipukuta misozi zili mu Workers' Compensation Act la 2000, ndipo nkhani zake zimayambira ku ofesi ya zantchito ya paboma. Ku Zambia, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linalamula kuti pamalo pamene pali antchito khumi kapena kuposerapo pakhale komiti ya chitetezo, ndipo chipukuta misozi chimayendetsedwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board. Ku Zimbabwe ntchito yoyendera malo ndi yolipira ovulala ili m'manja mwa NSSA.

Malamulo a ku South Africa ndi ofunika kuwadziwa chifukwa anthu ambiri a m'chigawo chino amakagwira ntchito yomanga kumeneko. Pansi pa Occupational Health and Safety Act la 1993 pali Construction Regulations za 2014, zimene zimafika mpaka kwa mwini chomangidwacho: iye ayenera kuunika zoopsa ntchito isanayambe, kuonetsetsa kuti kontirakitala waika ndalama za chitetezo mu mtengo wake, ndi kuimitsa ntchito ikakhala yoopsa. Mfundo imeneyi ndi yanzeru, pakuti amene amasankha kontirakitala wotchipitsitsa ndiye amene wasankhiratu mtundu wa nsanja imene amisiri adzaimepo. Bwana saloledwa kudula malipiro a munthu chifukwa cha zovala zodzitetezera, ndipo lamulo la chipukuta misozi la COIDA limafuna kuti ngozi inenedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Pamapepala malamulowa ndi okwanira ndithu. Pamene amafooka ndi pa munthu amene analembedwa pakamwa ndi kontirakitala wamng'ono, wolembedwanso ndi kontirakitala wina. Oyendera malo a ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi malo omanga, ndipo waganyu amadziwa kuti akadandaula, mawa pachipata padzakhala wina wofuna malo ake.

Ngozi ikachitika

Munthu amene wagwa kuchokera pamwamba asadzutsidwe kapena kunyamulidwa manja ndi miyendo. Mutu ndi khosi zigwiridwe kuti zisagwedezeke, ndipo ngati n'kofunika kumusuntha, agonekedwe pa thabwa kapena pa chitseko. Wogwidwa ndi magetsi asakhudzidwe mpaka magetsi atazimitsidwa. Dzenje likagumuka musalumphiremo, chifukwa limagumukanso. Chirikizani makoma, ndipo pafupi ndi munthuyo kumbani ndi manja, osati ndi makina. Amene anapanikizika kwa nthawi yaitali apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, pakuti minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zowononga impso, ndipo mkodzo wakuda ndi chizindikiro chake. Simenti ya m'diso kapena pakhungu itsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Wobayidwa ndi msomali afunse za katemera wa kafumbata.

Pambuyo pake pamatsala mapepala, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amataya chipukuta misozi. Dziwitsani kapitawo tsiku lomwelo, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Kuchipatala nenani momveka kuti mwavulalira pantchito, ndipo pemphani kuti zilembedwe choncho m'buku lanu. Sungani dzina la kampani, la kontirakitala wamkulu ndi la malo, tsiku la ngozi, mayina a mboni, zithunzi, ndi umboni uliwonse wa malipiro, ngakhale mauthenga a pafoni otumizira ndalama. Amene akugwira ntchito kunja kwa dziko lawo atumize zimenezi kwa wachibale kumudzi asanakumane ndi vuto lililonse. Ngati bwana wakana kunena za ngoziyo, wovulalayo kapena abale ake angathe kupita okha ku ofesi ya zantchito, ndipo asachedwe, chifukwa malamulo a chipukuta misozi amaika malire a nthawi yoperekera dandaulo.