ALONDA A KATUNDU WOLOWA M'DZIKO

Munthu akaima pa dooko la Kachulu nayang'ana kum'mawa, kupyola chilumba cha Chisi, adziwe kuti tsidya lija la nyanja ya Chilwa ndi dziko la Mozambique. Malire amenewa anaikidwa m'chaka cha 1891, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana zogawana dziko. Chisanafike chaka chimenecho, amalonda anali kudutsa kuno ndi minyanga ndi akapolo kunka kunyanja yamchere. Pobwera anali kutenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndipo mafumu okha ndiwo anali kuwalipiritsa msonkho wa njira.

Boma la Atsamunda litakhazikika ku Zomba, Bwana Harry Johnston anaika nyumba ya kasitomu ku Chiromo, pamene sitima za pa mtsinje wa Shire zinali kulowera. Koma Boma silinafune ndalama zokha ai. Linafunanso kuletsa mfuti ndi wonga, pakuti ndizo zinali mphamvu ya ogula anthu. Mfumu Kawinga, amene anali ndi linga pa phiri la Chikala pafupi ndi nyanja yathuyi, anagonjetsedwa m'chaka cha 1895. Kuyambira kale lomwelo, pa malire pakhala mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, "Katunduyu alipira zingati?" Lachiwiri ndi lakuti, "Kodi katunduyu sadzapweteka anthu?"

Funso loyamba ndi la akasitomu, amene kuyambira chaka cha 2000 ali pansi pa bungwe la Malawi Revenue Authority. Funso lachiwiri ndi lovuta, chifukwa wokhometsa msonkho sangadziwe ndi maso okha ngati mbewu ili ndi matenda, kapena ngati mankhwala ali enieni. Nchifukwa chake Boma linaika alonda ena oti athandizane naye.

A Unduna wa Zamalimidwe amayesa mbewu ndi ziweto, ndipo wobweretsa zimenezi ayenera kukhala ndi kalata ya chilolezo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linayamba mu 1972, limayesa zinthu monga mchere, mafuta ophikira ndi feteleza, kuti lione ngati zili zoyenera. La Pesticides Control Board, lobadwa ndi lamulo la mu 2000, limayang'anira mankhwala ophera tizilombo. Mankhwala a m'chipatala ali m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, imene lamulo lake ndi la mu 2019.

Kapena wina afunsa kuti, "Alonda onsewa ngachiyani?" Akumbukire nkhokwe yake. Nankafumbwe wamkulu, amene amaboola ndi mitengo yomwe ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anaoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 analowa m'Malawi kudzera kumpoto. Lero alimi ambiri amasunga chimanga m'matumba, nagula mankhwala chaka ndi chaka chifukwa cha kachilombo kameneka. Sikanalipe msonkho, ndipo sikanaonetse kalata kwa munthu aliyense.

Tsono ife a m'mbali mwa Chilwa tiganize bwino. Ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja, kumene njanji yopita ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, kuli chipata cha Boma. Koma madooko a mabwato ndi ambiri, ndipo nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, anthu amaoloka pansi. Boma silingaike mlonda pa bango lililonse. Ngati munthu akugulitsani mankhwala a mbewu m'botolo lopanda dzina, kapena mbewu ya chinangwa yosadziwika kumene yachokera, yambani mwafunsa mlangizi wa zaulimi. Pa dooko pamene palibe wa yunifolomu, mlonda ndinu.