Mtovu wa ku Kabwe ndi Lamulo Lobwera Mochedwa

M'chaka cha 1902, pamalo pamene lero pali mzinda wa Kabwe m'dziko la Zambia, panapezeka miyala ya mtovu ndi zinki. Azungu anatcha malowo Broken Hill, ndipo posakhalitsa anatsegulapo mgodi umene unakopa anthu ambirimbiri ofuna ntchito.

Pofuna kulekanitsa mtovu ndi mwala, miyalayo inkaperedwa kenaka nkusungunulidwa m'ng'anjo zikuluzikulu. Utsi wa m'ng'anjozo unkagwetsa fumbi la mtovu pamadenga, m'minda ndi m'mabwalo mosewerera ana, pamene zotsalira zinkaunjikidwa pamtetete mpaka zinasanduka phiri lakuda bii. Kuipa kwake, mtovu suola. Ukalowa m'thupi la mwana kudzera m'fumbi limene wapuma kapena dothi limene waika m'kamwa, umaononga ubongo, umachepetsa magazi, ndipo ukachulukitsa umapha.

Ngakhale zinali choncho, ulamuliro wa atsamunda unatha, Zambia nkulandira ufulu wodzilamulira mu 1964, dzikolo lisanakhale ndi lamulo lalikulu loteteza chilengedwe. Lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1990, ndipo bungwe la Environmental Council of Zambia, loonetsetsa kuti makampani akulitsata, linayamba ntchito mu 1992. Patangopita zaka ziwiri, mu 1994, mgodiwo unatsekedwa uli m'manja mwa ZCCM, kampani ya boma. Ntchito inatha, koma phiri la zotsalira lija linatsala pomwepo.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Kuyambira pamenepo, madokotala akhala akupeza mtovu wochuluka zedi m'magazi a ana a m'madera a Kasanda, Chowa ndi Makululu. Anthu osowa ntchito nawonso akhala akufukula phirilo kufunafuna miyala yogulitsa, motero fumbi silinaleke kuuluka. Mu 2011 boma linakhazikitsa lamulo latsopano limene linabala bungwe la ZEMA, ndipo mu 2016 World Bank inavomereza ngongole yothandizira kukonza malo oonongeka ndi migodi, kuphatikizapo Kabwe.

Nanga mlandu ngwa yani? Mu 2020 amayi ndi ana a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American South Africa kubwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg, ponena kuti inali ndi gawo pa kayendetsedwe ka mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo inakana mlanduwo, ndipo mu 2023 bwalolo linakana kuti anthuwo asume monga gulu limodzi.

Mbiri ya Kabwe ikuphunzitsa kuti lamulo la zotsalira za m'migodi liyenera kukhalapo khasu lisanagwe pansi. Liyenera kutchula kotayira zotsalirazo, woyeza mpweya ndi dothi, ndiponso wolipira mgodi ukadzatsekedwa. Kupanda kutero, phindu limapita ndi eni mgodi, koma chiphe chimatsalira ana amene sanabadwe nkomwe.