Cipinda ca Mapepala Akale ku Cairo

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, ambiri a ife tikamva za Ayuda ku Egypt, dziko lija Baibulo limalicha Aigupto, timangokumbuka Mose ndi Farao basi. Komatu mbiri yao kumeneko siinathere pa Nyanja Yofiira ai. Asilamu atalanda dzikolo ca m'ma 640, Ayuda anakhalabe momwemo zaka zoposa 1,000, akulankhula Ciarabu ndi kucita malonda ndi anansi ao.

Mu Fustat, mudzi wakale wa Cairo, muli sunagoge wochedwa Ben Ezra. Ayuda anali ndi mwambo wakuti pepala lolembedwapo dzina la Mulungu silitayidwa kudzala. Likang'ambika ankaliponya m'cipinda capadera cochedwa geniza. Anthu a pa Ben Ezra anapitirira pamenepo: ankaponyamo ciriconse colembedwa m'zilembo za Cihebri. Popeza dzikolo ndi louma, mapepalawo sanaole.

M'caka ca 1896 amai awiri amapasa a ku Scotland, Agnes Lewis ndi Margaret Gibson, anagula mapepala ena ku Cairo nakawaonetsa Solomon Schechter, mphunzitsi wa ku Cambridge. Iye anazindikira kuti limodzi linali la buku la Ben Sira m'Cihebri, cinthu cimene akatswiri ankayesa cinataika kalekale. Ananyamuka ulendo, ndipo mu 1897, mwa cilolezo ca akulu a sunagoge, anatengera ku Cambridge zidutswa pafupifupi 193,000.

Nanga munali ciani? Munali mabuku a Cipangano Cakale, mapemphero, mapangano a ukwati, milandu, mindandanda ya mankhwala, ndi makalata a amalonda opita ku Aden ndi ku India. Munapezekanso zolemba ndi dzanja lace Moses Maimonides, mphunzitsi wamkulu ndi sing'anga, amene anamwalira mu 1204. Makalata ambiri ndi a Ciarabu colembedwa m'zilembo za Cihebri, ndiye kuti munthu ankalemba cinenero ca pamsika ndi zilembo zimene anaphunzira kusunagoge. Cimene cingakukondweretseni inu aphunzitsi ndi ici: muli timapepala ta ana ophunzira kulemba, pena cilembo cimodzimodzi cobwerezedwa, pena tizithunzi ta cibwana m'mphepete.

Kucokera m'mapepalawa, S. D. Goitein analemba mbiri ya moyo wa anthu wamba a nthawiyo. Zikuoneka kuti Myuda, Mkristu ndi Msilamu ankagulana zinthu, ena nkucitira malonda pamodzi. Koma tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Ayuda ndi Akristu ankakhoma msonkho wapadera, ndipo alipo makalata a amphawi odandaula kuti alephera kuulipira.

Mu 1948 ku Egypt kunali Ayuda ngati 75,000. Nkhondo za 1948, 1956 ndi 1967 zitabuka, pafupifupi onse anacoka, ena mocita kupitikitsidwa. Lero atsala owerengeka cabe, ndipo sunagoge uja, amene anatsegulidwanso mu 2023 atamkonza, amangofikako alendo.

Anthu anabalalika, koma mau ao tikuwamvabe cifukwa analemba ndi kusunga. Tsono inu abale, kabuku ka maina a kalasi, kalata ya ubatizo, ngakhale pepala limene agogo alembapo dzina lao koyamba, musayatsire moto. Ziikeni m'bokosi, pouma, kutali ndi ciswe.