Dzina la bambo ndi chakudya cha mwana: mbiri ya udindo wa abambo ku Kasungu

Zaka zino Ramadan ikutipeza m'miyezi ya February ndi March, pamene ku Kasungu fodya akadali m'zigafa, chimanga chatha m'nkhokwe ndipo msika wa Chinkhoma sunatsegulidwe. Mayi wosiyidwa ndi ana amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Funso lakuti mwana ndi wa yani, komanso woyenera kumudyetsa ndani, lili ndi mbiri yaitali m'zigwa za fodyazi, ndipo tikaidziwa tidzamvetsa malamulo amene akutimanga lero.

Pa mwambo wa Achewa ndi Ayao, mwana ndi wa mbumba ya amayi ake. Mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo ndiwo ankakamba milandu ya mwana ndi kuyang'anira ukwati wake. Mkamwini ankalima munda wa kwa mkazi, banja likatha n'kunyamula khasu lake kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Zinkayenda chifukwa chakudya chinkachokera m'munda wa mbumba.

Zinthu zinasintha atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Msonkho unkafuna ndalama, choncho amuna anayamba kupita ku Halale ndi ku Joni. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, anachoka wapansi cha m'ma 1915 ndipo anadzakhazikikanso kuno mu 1958. Ambiri sanabwerere konse, n'kutchedwa machona. Lipoti la komiti ya Lacey, lomwe linatuluka mu 1936, linadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Mgwirizano wa 1947 wa Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia unalamula kuti gawo la malipiro a munthu lizitumizidwa kwa banja lake, lina lizisungidwa mpaka abwerere. Boma linavomereza kuti atsibweni okha sangathenso kulera ana a mwamuna amene akulandira ndalama kutali.

Ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi 74 ochokera ku migodi, inachititsa Kamuzu kuimitsa Wenela. Nthawi yomweyo maesiteti a fodya ankachuluka ku Kasungu, ena a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ena a General Farming, ndipo mpaka 1990 lamulo silinkalola alimi a m'midzi kulima bale. Maesiteti anadalira matenanti ochokera m'maboma ngati Mangochi, Machinga, Mulanje ndi Thyolo, ndipo pakati pawo panali Asilamu ambiri. Tenanti ankakongola chimanga kwa bwana chaka chonse n'kulipidwa kamodzi fodya akagulitsidwa, atachotsedwa ngongole. Ena ankasiya mkazi kumudzi n'kukwatiranso kuesiteti. Nyengo ikatha ankasamukira kwina, mwana wobadwa pamenepo n'kukula osawadziwa bambo ake. Utenanti unaletsedwa ndi lamulo la ntchito mu 2021, koma ana a maukwati amenewo alipo.

Malamulo a atsamunda anali odukaduka. Affiliation Act inkalola mayi wosakwatiwa kusumira bambo wa mwana, Married Women (Maintenance) Act inali ya akazi okwatiwa, pamene maukwati a Amwenye anali ndi lamulo lawolawo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ndiwo anayala maziko atsopano. Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana posatengera mmene anabadwira, ndipo ali ndi ufulu wokhala ndi dzina la banja komanso wodziwa makolo awo. Gawo 24 limapatsa mkazi ufulu wolandira chithandizo choyenera ndi gawo la katundu wa awiriwo banja likatha.

Mu 2010 kunabwera Child Care, Protection and Justice Act. Bambo akakana mwana, nkhani imapita ku bwalo la milandu la ana. Bwalo limaona dzina lolembedwa m'kaundula wa kubadwa, ngati mwamunayo anamuchitira mwanayo mwambo, ndi ngati anavomerapo pagulu. Litha kulamulanso kuyeza magazi, ndipo kukana kuyezedwa kumakhala umboni. Kenako limagamula chithandizo molingana ndi zimene kholo limapeza. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limawerenganso mwana wobadwa kunja kwa ukwati. Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 inaika nikah pamlingo umodzi ndi ukwati wa kwa DC ndi wa ankhoswe, ndipo inalola mkazi wosakwatiwa amene ali ndi pakati kupempha chithandizo kwa mwini mimba.

Kwa ife zambiri mwa izi si zachilendo. Sura Al-Ahzab, ndime 5, imatilamula kuitana ana ndi mayina a abambo awo. Al-Baqara 233 imaika pa bambo chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsa, ndipo At-Talaq 6 ndi 7 imalamula kusamalira mkazi wosudzulidwa amene ali ndi pakati mpaka abereke, aliyense molingana ndi kupeza kwake. Pa kugonjetsedwa kwa Makka mu 630, Sa'd ibn Abi Waqqas ndi Abd ibn Zam'a analimbirana mwana, ndipo Mtumiki (SAW) anamupereka ku nyumba imene anabadwira. Hind bint Utba atadandaula za kuumira kwa Abu Sufyan, analoledwa kutenga pa chuma cha mwamunayo zokwanira iye ndi ana ake.

Pali pamodzi pamene njira ziwirizi zimasiyana. Maulama ambiri amati mwana wobadwa kunja kwa nikah amatsata mtundu wa amayi ake, pamene bwalo la Malawi limalamula mwamunayo kupereka chithandizo basi. Nkhani ya mtundu ndi ya mirathi tikafunse masheikh athu, koma chigamulo cha bwalo chimamanga Msilamu ngati nzika ina iliyonse, ndipo mwanayo sanalakwe kanthu. Mayi wosowa poyambira atha kupita ku ofesi ya Social Welfare, ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Legal Aid Bureau.

Eid isanafike, bambo aliyense adzapereka Zakatul Fitr ya iye mwini ndi ya onse amene ali ndi udindo wowadyetsa. Tikamawerenga mitu usiku umenewo, tiwerengenso ana amene tinawasiya ku Mangochi kapena kuesiteti ku Santhe ndi ku Chamama. Tikawalembetse dzina ku National Registration Bureau, ndipo ndalama za mabelo oyamba zikatuluka, gawo lawo lichoke tisanagule njinga yamoto. Allah atilandire kusala kwathu.